Tambala Amene Ndinamukana ku Nsanama

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake nkhuku za pakhomo pano zili ndi makosi opanda nthenga, ndiponso chifukwa chake mlendo akabwera ndi nkhuku m'manja ndimamuimitsa pa mtengo wa mango uko. Ena mwa inu mumanong'onezana kuti ndi nkhanza za ukalamba. Musaunamizire ukalamba, khalidweli ndinali nalo tsitsi likadali bii. Popeza boma linandipumitsa ntchito ndipo dzanja likadatha kugwira cholembera, ndati ndilembe ndekha, kuti ndikadzapita musadzamve nkhaniyi kwa anthu amene adzaithire mchere wawo.

Balaka, 1944

Ntchito yanga yoyamba inali ya ulangizi wa nkhuku pa kafamu ka boma kufupi ndi siteshoni ya sitima ku Balaka. Bwana wathu anali mzungu wamtali amene tinkamutcha Chipewa, chifukwa chipewa chake sankachivula ngakhale ali mu ofesi. Sanali munthu woipa, koma ankafuna chinthu chichitike dzulo. Atambala ofiira, akuluakulu, ankabwera pa sitima m'mabokosi, ndipo ntchito yanga inali kuwanyamula pa njinga kupita nawo m'midzi. Ndikafika pakhomo ndinkasiya tambala wa boma n'kutenga tambala wa eni khomo, kuti anapiye obadwa pambuyo pake akhale aakulu. Inali nthawi ya nkhondo, ndiye zinthu zinkasowa. Waya wa khola kunalibe, tinkamanga ndi bango ndi nsungwi. Chubu cha njinga chikaphulika tinkatsendera udzu m'tayala, ndipo pofika madzulo msana unkakhala ngati si wako.

Anthu ankandilandira bwino, koma atambala awo ankawabisa m'nkhokwe. Tsiku lina mayi wina anandiuza kuti tambala wake anafa kalekale, ndipo asanatseke pakamwa wakufayo analira kuseri kwa nyumba. Mayiyo sanachite manyazi ndi pang'ono pomwe. Anayang'ana tambala wanga wofiira kuyambira kumutu mpaka kumiyendo nati, "Alangizi, tambala wanuyu ndi wokongola, sindikukana. Koma kabawi amamudziwa? Akaona chithunzithunzi pansi amathawira kuti?" Ndinayankha kuti adzaphunzira. Iye anati, "Aphunzirire pakhomo panu."

Chaka chomwecho, nthawi yotentha, ndinaona chitopa kwa nthawi yoyamba. Wophika wa Chipewa anagula nkhuku yotchipa kwa munthu wina pa siteshoni n'kuisiya kuseri kwa makola athu kuti aiphe mawa lake. Sabata isanathe atambala athu anayamba kuwodzera masana, mapiko ali pansi, chitosi chobiriwira, ena khosi litapindika kuyang'ana kumbuyo. Tinawamwetsa tsabola, tinawamwetsa madzi a phulusa, koma m'mawa uliwonse tinkangotola. Tinakumba dzenje n'kuwatentha onse. Chipewa anaima pamphepete pa dzenjelo nandiuza m'Chinyanja chake chothyokathyoka, "Iwe Petulo, matenda uyu alibe mwendo. Munthu anyamula iye. Nkhuku yatsopano akhale kutali masabata awiri, ngakhale nkhuku ya bambo wako." Ndinaseka mumtima kumva za nkhuku ya bambo anga, osadziwa kuti mawuwo adzandipeza.

Pa famu yonse panatsala thadzi limodzi la mlonda, la mtundu wa kameta, lopanda nthenga m'khosi, lonyansa maonekedwe moti alendo ankafunsa ngati linapsa ndi moto. Linadwala, linawodzera, kenaka linadzuka n'kuyamba kupalasa ngati palibe chachitika. Mlondayo ankafuna kulidya. Ndinamupatsa malaya anga akale n'kulitenga. Nkhuku zonse mukuziona panozi agogo awo ndi thadzi limenelo.

Ndili ku Balaka komweko ndinakwatira mayi anu, Esinati. Kwawo ndi ku Ngokwe, ndipo makolo awo anachokera ku Mozambiki kalekale. Mwa mwambo wawo ine ndikanayenera kukakhala kwawo ngati mkamwini, koma ntchito ya boma siilola zimenezo. Mwini mbumba anali malume awo, a Muhiwa, munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, woyenda ndi ndodo imene sankaitsamira. Iwo ndiwo analola kuti ndimutenge Esinati chitengwa. Anati, "Akamwini, ndakubwerekani. Sindinakupatseni."

Kasupe, 1948

Anandisamutsira ku boma la Kasupe, kumene tsopano mumati Machinga. Tinawoloka Shire pa Liwonde ndi mphasa, miphika ndi dengu la nkhuku. Kumeneko ndi kumene ndinayamba kuweta mwa cholinga. Ana a kameta uja ndinkawakwatitsa kwa tambala wofiira wa boma, ndipo mwa anapiye ndinkasunga okhawo aakulu thupi, ochenjera ndi kabawi, ndi misoti yodziwa kukhalira mazira osawathawa. Zotsalazo zinkapita mu mphika. Mayi anu ankati ndimadziwa mibadwo ya nkhuku kuposa ya abale anga, ndipo sankanama.

Kenaka inabwera njala ija ya 1949. Madeya amene tinkapatsa nkhuku anasanduka chakudya cha anthu, ndipo munthu woponyera nkhuku madeya ankamuyang'ana ngati mfiti. Ine ndinkafotsera udzu wonyowa mu mphika wosweka n'kuuvundikira pa chulu, m'mawa n'kukakutumula chiswe cha anapiye. Nkhuku zambiri tinadya tokha, zina tinapatsa anansi okhala ndi ana. Koma za mbewu sindinakhudze, ngakhale masiku amene ine ndi mayi anu tinkagona ndi madzi okha. Tinakangana, ndipo iwo analira. Ndinawauza kuti njala idzatha, koma mtundu uwu ukatha sindidzaupezanso.

Njala inathadi, nkhuku zinachulukanso, ndiye chitopa chinabwera kachiwiri. Tinkakhala m'nyumba za boma zoyandikana, bwalo limodzi, ndipo mkazi wa mnzanga wina anabwera ndi nkhuku ya mphatso kuchokera kwawo. Ndinapita kukapempha kuti aimangirire kutali. Anandiseka, nati nkhuku yochokera kwa mayi ake singakhale ndi matenda. Bwalo lonse linatha psiti. Ine ndinatsala ndi tambala mmodzi ndi mathadzi owerengeka, onse a khosi lometa. Tsiku limene ndinakwirira zomaliza ndinakhala pa mwala kuseri kwa nyumba n'kulira ngati mwana, sindibisa. Nditapukuta misozi ndinapita ku ofesi kukapempha kuti anditumize kumudzi, kumene nyumba ya mlangizi imakhala payokha. Anzanga anadabwa, chifukwa aliyense ankalimbirana kukhala pa boma.

Nsanama, 1952

Nyumba ya ku Nsanama inali kutali ndi msika, ndipo kanjira kolowera kwathu kankayambira pa mtengo waukulu wa mkuyu m'mbali mwa msewu. Ndinauza aliyense kuti nkhuku yachilendo malire ake ndi mkuyuwo. Mnansi wathu, Che Ajusa, Msilamu amene ankatichinjira nkhuku tikakhala ndi alendo achisilamu, anandilola kumanga kakhola m'munda mwake kosungiramo zachilendozo. Ankanditcha Che Nguku, ndiye nkhuku m'Chiyao, ndipo dzinalo linamera msika wonse.

Kumeneko ndi kumene unabadwira iwe Yakobo, titadikira zaka zambiri mpaka anthu atayamba kuloza mayi ako zala. Unabadwa nthawi yotentha. Masiku omwewo anyamata ogulitsa nsomba ochokera ku Chiuta ankanena pa msika kuti ku Ngokwe nkhuku zikugwa ngati masamba, ndipo anthu akuzigulitsa mothamanga zisanafe.

Tsiku lina masana ndikukonza khola ndinamva mayi ako akufuula, "Amalume! Amalume abwera!" Nditasuzumira ndinaona a Muhiwa akupatuka pa msewu, fumbi mpaka m'mawondo, ndodo kudzanja lina, ndipo m'khwapa muli tambala wakuda womangidwa miyendo ndi luzi. Ndinadziwa tanthauzo lake. Kwa anthu a mayi anu, mwana akabadwa mwini mbumba amabweretsa nkhuku ya mwanayo. Siidyedwa, imawetedwa, ndipo mbuzi yoyamba ya mwanayo imachokera pa nkhuku imeneyo. Ndi njira yonenera kuti mwanayu ndi wathu, tamulandira. Munthu wamkulu chotero anayenda wapansi ulendo wonse wochokera ku Ngokwe chifukwa cha chimenecho.

Ndinathamanga n'kukumana nawo pa mkuyu. Ndinagwada, ndinawalonjera, ndinalandira ndodo yawo. Atatambasula manja kuti andipatse tambala, manja anga anakhala pa mawondo.

"Bambo," ndinatero, "mwayenda ulendo wautali, tiyeni kunyumba mukapume. Koma tambalayu ayambe wakhala m'kakhola ka Che Ajusa masabata awiri. Ndidzamudyetsa ndekha."

Anandiyang'ana ngati sanamve. "Mwati chiyani, akamwini?"

"Ku Ngokwe kuli chitopa, bambo."

"Ameneyu mukumuona akuwodzera?"

"Iyayi, bambo. Koma chimabisala."

"Tambala wa mdzukulu wanga akagone kutchire ngati wakhate? Pakhomo pa munthu wina?"

Mayi ako anafika uli kumsana. Anagwada pambali panga n'kundinong'oneza, "Bambo a Yakobo, landirani. Chonde landirani, zinazo tikambirana." Ndinayang'ana kunyumba. Nkhuku zanga zinali pansi pa nkhokwe, mathadzi awiri ali ndi anapiye, zotsala za miliri iwiri ndi njala. Ndinayang'ananso tambala wakudayo. Maso ake anali owala bwinobwino. Mwina analibe kanthu. Koma nkhuku ya pa siteshoni ku Balaka nayonso inkaoneka bwino, ya ku Kasupe chimodzimodzi. Ndinayesa njira ina, ndipo ndinangowonjezera moto. Ndinati, "Kapena timuphe pompano, bambo, tidye limodzi, ine ndipereke tambala wina m'dzina lanu."

A Muhiwa anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano. "Ndidye mphatso yanga yomwe? Ndidye chuma cha mwana?" Anatenga ndodo yawo m'manja mwanga. Anasuzumira kumsana kwa mayi ako n'kukuyang'ana nkhope kanthawi, koma sanakunyamule. Madzi amene Esinati anathamangira kukatunga sanamwe. Anabweza tambala m'khwapa, ndipo potembenuka anati, "Esinati, chitengwa ndinaloleza ndine. Uzikumbukira."

Mwezi usanathe kunabwera uthenga woti Esinati apite kumudzi akaonetse mwana. Tonse tinadziwa kuti ulendo umenewo ulibe tsiku lobwerera. Mayi anu pomanga katundu sanakweze mawu. Anangoti, "Ine ndakhala nanu pa njala, ndagona ndi madzi nkhuku zikuyenda pabwalo. Koma amalume mwawachititsa manyazi pa msewu, anthu akuona. Tsalani ndi nkhuku zanuzo, zikuphikireni." Ndinawaperekeza mpaka pa mkuyu. Ndinali ndi mkwiyo, ndinali ndi mantha, ndipo ndinkadziwa kuti a Muhiwa atabweranso mawa ndi tambala yemweyo ndikanachitanso zomwezo.

Chitopa chinafikadi ku Nsanama. Chinasesa msika, chinasesa midzi yozungulira, za Che Ajusa zomwe zinapita. Pakhomo panga sichinalowe. Koma mvula itayamba, vumbwe anaboola denga la khola n'kugwira tambala wanga yekhayo. Anapiye aamuna ndinali nditagawira anthu a m'midzi chitopa chisanafike, monga mwa ntchito yanga, ndipo onse anafera komweko. Ndinalembera ku boma kupempha tambala, anayankha kuti chaka chimenecho kulibe. Ndinazungulira pa njinga dera lonse osamva kulira kwa tambala. Mathadzi ankaikira, n'kukhalira mazira mokhulupirika, mazirawo n'kusukusa. Dzinja lonse ndinakhala ndekha m'nyumba, mkazi kulibe, mwana kulibe, ndikuweta nkhuku zimene zinalibe tsogolo. Che Ajusa ankabwera ndi chinangwa chootcha n'kumati, "Che Nguku, mwapambana mlandu, koma mboni zonse zathawa."

Ngokwe, 1953

Anthu atakolola ndinapempha tchuthi. Ndinasankha misoti itatu yabwino koposa, ndinaiika m'dengu, ndinamanga pa njinga, ulendo wa ku Ngokwe. Sindinapite kukanena kuti ndinalakwa, chifukwa sindinkaona kuti ndinalakwa. Ndinapita chifukwa ndinamva kuti kumeneko sikunatsale nkhuku, ndipo munthu amene wakana mphatso ayenera kubwera ndi yake, aone ngati ailandire.

Mudzi wopanda nkhuku umakhala zii modabwitsa. Palibe chopalasa pa dzala, palibe chothamangitsa pa mphasa ya ufa. Ndikukankha njinga kulowera kwa a Muhiwa ndinamva tambala akulira kuseri kwa nyumba yawo, mmodzi yekha, mawu okhuthala. Ndinaima chilili. Ana anali atathamanga kale kukanena, ndipo a Muhiwa anatuluka ndi ndodo yawo n'kukumana nane pa mtengo wa mango umene unali polowera.

"Imani pomwepo, akamwini. M'dengumo muli chiyani?"

Ndinagwada. "Misoti, bambo. Ndabweretsera inu."

"Yachokera kuti?"

"Kwathu ku Nsanama."

"Ku Nsanama ndinamva kuti kunali chitopa."

"Chinatha kale, bambo. Ndipo kwanga sichinafike. Taonani, ili bwinobwino."

"Chimabisala," anatero a Muhiwa, nkhope ili gwa. "Ndinamva kwa mlangizi wa boma. Pakhomo pano pali tambala mmodzi, watsala yekha m'mudzi muno, ndipo si wanga, ndi wa mwana. Sindingamuike pa ngozi. Nkhuku zanuzo zikhale pansi pa mtengo pano mpaka mwezi wina uoneke. Zisasowe wozidyetsa, mwini wake akhale nazo pompano."

Anthu amene anasonkhana anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Ndikanatha kukwera njinga n'kubwerera, ndipo mtima wina unandiuza kutero. Koma lamulo anandipatsalo linali langa lomwe, ndipo linali lolondola. Ndinati, "Mwanena zoona, bambo. Ndibwerekeni chikwanje." Ndinadula mitengo, ndinamanga kakhola ka misoti ndi kamsasa kanga pambali pake.

Ndinakhala pansi pa mango amenewo monga anandiuzira. Amayi popita kumadzi ankandilonjera kuti, "Mwadzuka bwanji, alonda a nkhuku? Odwala anu agona bwanji?" Ine ndinkayankha kuti agona bwino, zikomo. Tsiku loyamba chakudya anabweretsa ndi mlamu wanga. Tsiku lotsatira anabwera Esinati, iwe Yakobo uli m'manja, utayamba kale kukwawa. Anakhala chapatali, akuyesetsa kuti asaseke. Anati, "Ndinkaganiza kuti muthawa." Ndinati, "Munandionapo ndikuthawa?" Anati, "Iyayi, ndilo vuto lanu limenelo." Anandipatsa mwana, ndipo unandikoka mphuno. Mayi akowo ndiwo anandiuza kuti a Muhiwa atabwerera kuchokera ku Nsanama anapeza nkhuku zawo zayamba kugwa, zonse zinatha, ndipo tambala wakudayo anawodzera masiku angapo n'kudzuka. Nditamva zimenezo tulo tinandithawa. Tambala wodwala chitopa n'kuchira ndiye amene ndinkamufuna zaka zonsezi, ndipo anali kulira m'mawa uliwonse kuseri kwa nyumba imene sindinkaloledwa kufikako.

Mwezi utaoneka, m'mawa mwake a Muhiwa anabwera pa mtengo tambala ali m'khwapa, monga anabwerera ku Nsanama. Anasuzumira m'kakhola nayang'ana misoti umodziumodzi. Anati, "Makosi onyansa chonchi, ndiye nkhuku zimene munandikanira?" Ndinati ndi zomwezo. Anapukusa mutu. Kenaka anati, "Tsiku lija tambalayu akanalowa pakhomo panu, mwina bwenzi zitatha. Mwinanso iyayi. Sindidziwa, inunso simudziwa." Anatambasula manja. "Uyu ndi wa Yakobo. Mukumulandira?"

Ndinagwada, ndinamulandira ndi manja awiri. A Muhiwa anawerama n'kumasula okha luzi la m'miyendo. Tambala anadzikung'untha, anazungulira misoti phiko lili pansi, ndipo mkuluyo anatembenukira kunyumba nafuula, "Esinati! Yalira amuna ako mphasa pakhonde, adya kuno lero."

Misoti iwiri ndinaisiya ku Ngokwe itayamba kuikira, ndipo nkhuku za m'mudzimo zinayambiranso pamenepo. Ife tinabwerera ku Nsanama tonse, mayi anu pa kaliyala, mwana kumsana, tambala wakuda ndi msoti umodzi m'dengu kutsogolo. Titafika pa mkuyu mayi anu anatsika n'kuima, akundiyang'ana. Ndinamasula dengu n'kupita nalo ku kakhola ka m'munda mwa Che Ajusa, ndipo tambalayo anakhala kumeneko masabata ake awiri, ndi msoti wanga womwe.

Yakobo, mbuzi imene inakulipirira sukulu inachokera pa tambala ameneyo, ndipo wakuda amene akulira pa nkhokwe panoyu ndi mdzukulu wa adzukulu ake. Ndi wako, ukafuna udzamutenge. Koma ukamabwera ndi nkhuku zako zoyera za m'tauni, udzaime pa mango.